Kujambula, Kusunga ndi Kukonza Zithunzi za Dijito m'Dera la Chifunda

Njovu zikalowa usiku m'munda wa mpunga kapena wa chimanga m'dera la mfumu Chifunda, m'boma la Chama, chimene mlimi amapeza m'mawa ndi mapesi othyoka ndi mapazi akuluakulu m'matope. Pakapita masiku owerengeka mvula imafafaniza mapaziwo. Umboni umene ungatsale ndi chithunzi chimene mwini munda kapena mwana wake anajambula pa lamya ya m'manja.

Koma chithunzi chotere chimathandiza pokhapokha ngati chasungidwa bwino, ngati tsiku ndi malo ake zikudziwika, ndiponso ngati palibe amene wachisintha mwachinyengo. Zinthu zitatuzi ndizo maziko a ndondomeko ya ntchito ya zithunzi za dijito, imene pa Chingerezi imatchedwa workflow. Ndondomekoyi ndi njira imene chithunzi chimatsata kuchokera mu kamera kufikira kwa munthu wochiona, ndipo mapulogalamu okonzera zithunzi ndi mbali imodzi chabe ya njirayo.

Dera la Chifunda

Chifunda ali m'chigwa cha Luangwa, m'dera loyang'aniramo nyama la Musalangu, kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa. Kutsidya linalo kuli nkhalango yosungiramo nyama ya North Luangwa, yomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita 4,636. Anthu ambiri a m'derali ndi Asenga. Boma la Chama linachotsedwa ku chigawo cha Kum'mawa ndi kuikidwa ku chigawo chatsopano cha Muchinga m'chaka cha 2011, ndipo linabwezedwanso ku chigawo cha Kum'mawa m'chaka cha 2021.

Bungwe la Frankfurt Zoological Society lakhala likuthandiza boma la Zambia kuteteza North Luangwa kuyambira m'chaka cha 1986. Zipembere zakuda, zomwe zinali zitatheratu m'dziko muno chifukwa cha opha nyama mopanda chilolezo, zinayamba kubwezeretsedwa m'nkhalangoyi m'chaka cha 2003, ndipo pofika 2010 zipembere 25 zinali zitabweretsedwa. Pa ntchito yoteteza nyama zoterezi zithunzi n'zofunika kwambiri, popeza osamalira zipembere amazindikira chipembere chilichonse poona zizindikiro zimene anachidula m'makutu.

Nyengo ya m'chigwachi ndi yovuta kwa zipangizo zojambulira. M'mwezi wa October kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. M'chilimwe mumakhala fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire, pamene m'dzinja, kuyambira November kufika April, misewu yambiri imadulidwa ndi mitsinje yosefukira. M'midzi yambiri mphamvu yotchajira lamya imachokera ku sola. Pa chifukwa chimenechi wojambula wa kumeneko afunika ndondomeko yosadalira intaneti nthawi zonse, ndiponso yosadya magetsi ambiri.

Kuchokera ku filimu kufika ku dijito

Kale munthu akajambulitsa chithunzi ankadikira kuti wojambula amalize filimu yonse, ya zithunzi 24 kapena 36, n'kupita nayo ku tauni kukatsuka. Chithunzi chikapsa, nkhani inkathera pomwepo. Kamera yoyamba ya dijito inapangidwa m'chaka cha 1975 ndi Steven Sasson, katswiri wa kampani ya Kodak m'dziko la America. Inkalemera makilogalamu 3.6 ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chopanda mitundu pa kaseti.

Pulogalamu ya Photoshop, yomwe inalembedwa ndi abale awiri, Thomas ndi John Knoll, inatulutsidwa ndi kampani ya Adobe m'chaka cha 1990. Kuyambira pamenepo ntchito imene inkachitika m'chipinda chamdima ndi mankhwala otsukira inayamba kusamukira pa kompyuta, ndipo pambuyo pake inafika pa lamya za m'manja.

Zimene zili m'kati mwa chithunzi cha dijito

Chithunzi cha dijito chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri totchedwa pixel. Kamera ya 12 megapixel imatulutsa chithunzi cha timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, kutanthauza timadontho 12 miliyoni. Kuti chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chisindikizidwe bwino papepala, pamafunika timadontho pafupifupi 1,200 ndi 1,800. Choncho lamya wamba ili ndi mphamvu yokwanira pa zithunzi za m'malipoti ndi za pabanja.

Pali mitundu iwiri ikuluikulu ya fayilo imene wojambula ayenera kuidziwa. Woyamba ndi JPEG, umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 1992. Kamera imakonza yokha chithunzicho, n'kutaya zina mwa zimene inaona kuti fayilo ichepe. JPEG imatseguka pa lamya ndi kompyuta iliyonse, koma nthawi iliyonse imene yakonzedwa ndi kusungidwanso, ubwino wake umatsika pang'ono.

Mtundu wachiwiri ndi RAW, umene umasunga zonse zimene kamera inaona zisanakonzedwe. JPEG imasiyanitsa milingo 256 ya kuwala pa mtundu uliwonse mwa mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wa buluu, pamene RAW imasiyanitsa milingo 4,096 kapena 16,384 malinga ndi kamera. N'chifukwa chake nkhope imene yada chifukwa cha mthunzi wa mtengo imabwezeretsedwa mosavuta mu RAW kusiyana ndi mu JPEG. Vuto lake ndi kukula. Fayilo imodzi ya RAW ya kamera ya 24 megapixel imakhala ya ma megabyte 25 kapena 30, moti khadi ya 32 gigabyte imadzaza ndi zithunzi zongopitirira pang'ono 1,000.

M'kati mwa fayilo mumabisikanso zolembedwa zotchedwa Exif. Zimenezi zimanena tsiku, ola, mtundu wa kamera, ndipo ngati GPS inali yoyatsa zimanenanso malo enieni pamene wojambula anaima. Pa chithunzi cha munda woonongedwa, zolembedwazi ndizo zimatsimikiza kuti zinthuzo zinachitika liti komanso kuti.

Mapulogalamu amene alipo

Mapulogalamu okonzera zithunzi ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi losanja ndi kuwongola zithunzi zambiri nthawi imodzi. M'gululi muli Lightroom, ya kampani ya Adobe, yomwe inatuluka m'chaka cha 2007, ndi darktable, yaulere, yomwe inayamba m'chaka cha 2009. Mapulogalamu amenewa sakhudza fayilo yoyambirira. Amangolemba padera malangizo a zimene wokonza wachita, ndipo malangizowo angathe kufafanizidwa nthawi ina iliyonse, chithunzi n'kubwerera mwakale.

Gulu lachiwiri ndi losintha chithunzi chimodzi mozama, kadontho ndi kadontho. M'menemu muli Photoshop ndi GIMP. Pulogalamu ya GIMP inayambidwa m'chaka cha 1995 ndi ophunzira awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, ndipo mtundu wake wa 3.0 unatuluka mu March 2025. Ndi yaulere ndipo ikaikidwa pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Mapulogalamuwa ndi oyenera pokonza chithunzi chakale chong'ambika, kapena popanga chikwangwani cha msonkhano.

M'chaka cha 2013 kampani ya Adobe inaleka kutulutsa mitundu yatsopano ya Photoshop yogula kamodzi, n'kuyamba kulipiritsa pamwezi kapena pachaka. Kwa munthu wa kumudzi, wopanda khadi ya ku banki komanso wopanda netiweki yodalirika, njira imeneyi ndi yovuta. Mapulogalamu obedwa, amene amagawidwa pa flash, ndi oletsedwa ndi lamulo ndipo kawirikawiri amabwera ndi mavairasi. GIMP, darktable ndi RawTherapee amaloledwa kugawidwa mwaulere, moti munthu mmodzi angathe kuwatsitsa pa intaneti ali ku Chama kapena ku Lundazi, n'kukagawira sukulu ndi anzake kumudzi popanda kulakwira lamulo.

Kwa amene alibe kompyuta, pulogalamu ya pa lamya ya Snapseed, yomwe inatuluka m'chaka cha 2011 n'kugulidwa ndi kampani ya Google m'chaka cha 2012, ndi yaulere ndipo imakwanitsa zambiri mwa ntchito zofunika.

Ndondomeko ya ntchito

Ntchito imayamba munthu asanajambule. Tsiku ndi nthawi za mu kamera ziyenera kukhala zolondola, galasi lipukutidwe ndi kansalu kofewa, ndipo batire isasiyidwe padzuwa. Kuwala kwa m'mawa ndi kwa madzulo kumatulutsa zithunzi zabwino kuposa kwa masana, pamene dzuwa lili paliwombo ndipo mithunzi imadetsa maso a anthu. Pojambula umboni pamafunika zithunzi zitatu: cha patali choonetsa munda wonse ndi chizindikiro chodziwika monga mtengo kapena nkhokwe, cha pakatikati choonetsa mbali yoonongeka, ndi cha pafupi choonetsa phazi la nyama pambali pa chinthu chodziwika kukula kwake, monga khasu.

Chachiwiri ndi kukopera. Zithunzi zichotsedwe mu kamera kapena mu lamya ndi kuikidwa pa kompyuta kapena pa hard drive mwamsanga. Khadi isafafanizidwe kufikira zitatsimikizika kuti zithunzizo zikutseguka bwino kumene zaikidwa. Pamsika pamapezeka makhadi achinyengo, olembedwa kukula kumene alibe, ndipo amayamba kuononga zithunzi mwakachetechete akadzaza. Pulogalamu yaulere ya H2testw imayesa kukula kwenikweni kwa khadi yatsopano.

Chachitatu ndi kupereka maina. Kamera imapatsa zithunzi maina a manambala okhaokha, ndipo ikafika pa 9,999 imayambiranso, zomwe zimachititsa kuti zithunzi ziwiri zikhale ndi dzina limodzi, china n'kufafaniza chinzake. Njira yodalirika ndiyo kuyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka malo ndi nkhani, mwachitsanzo 2025-03-14_Chifunda_munda_001. Maina otere amadzisanja okha motsatira nthawi, ndipo amamveka ngakhale kwa munthu amene sanalipo pa tsikulo.

Chachinayi ndi kusunga m'malo angapo. Lamulo lodziwika la 3-2-1, limene linafalitsidwa ndi wojambula wa ku America Peter Krogh, limati chithunzi chikhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi lisungidwe kutali ndi enawo. Kumene intaneti ndi yosowa, kutaliko kungakhale ku sukulu, ku ofesi ya bungwe la anthu loyang'anira zachilengedwe la Community Resources Board, kapena kwa mbale wa ku boma. Nyumba ya udzu ikapsa kapena madzi akasefukira, kope la kutalilo limapulumuka. Zipangizozi zisungidwe m'chitini chotsekeka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho ta silica gel, popeza chinyontho cha m'dzinja chimameretsa nkhungu m'galasi la kamera.

Chachisanu ndi kusankha. Pa zithunzi 200 za tsiku limodzi, zoyenera kukonza sizichuluka. Wojambula amaika chizindikiro pa zabwino n'kusiya zina, ndipo potero amapulumutsa nthawi ndi batire. Komabe zithunzi za umboni siziyenera kutayidwa ngakhale zitaoneka zobwerezabwereza, chifukwa mndandanda wake wonse ndiwo umasonyeza m'mene zinthu zinatsatizirana.

Chachisanu ndi chimodzi ndiko kukonza kwenikweni, ndipo kumachitika pa kope, osati pa fayilo yoyambirira. Poyamba chithunzi chimawongoledwa kuti mtsinje kapena denga zisapendekeke, n'kudulidwa m'mbali. Kenaka amakonza white balance, kutanthauza kuti chinthu choyera chioneke choyera, osati chachikasu kapena chabuluu. Pambuyo pake amakonza kuwala mothandizidwa ndi histogram, kachithunzi kooneka ngati phiri kamene kamasonyeza kuchuluka kwa mbali zakuda kumanzere ndi zowala kumanja. Phirilo likaunjikana kumapeto kwenikweni, ndiye kuti mbali ina ya chithunzi yatayika. Histogram ndi yodalirika kuposa maso, makamaka poona lamya panja padzuwa. Zikatero amawonjezera pang'ono kusiyana kwa mdima ndi kuwala, chinthu chimene chimathandiza pa zithunzi za nyengo ya utsi, ndipo pomalizira amachepetsa timadontho tosokoneza timene timaoneka pa zithunzi za usiku.

Chomaliza ndi kutumiza. Kope lopita pa lamya lichepetsedwe kufika pa timadontho pafupifupi 1,600 m'litali kuti lisadye ndalama zambiri za intaneti, pamene lopita kokasindikiza likhale lathunthu. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse chimachepetsedwa ndipo zolembedwa zake za Exif zimachotsedwa. Chikatumizidwa monga document chimafika chonse. Kusiyana kumeneku n'kofunika pamene chithunzi chikupita kwa akuluakulu a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ya Department of National Parks and Wildlife, kapena ku nyumba youlutsira nkhani.

Zithunzi zikafafanizika mwangozi, khadi isagwiritsidwenso ntchito. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imatha kubweza zambiri, malinga ngati pamalo pake sipanalembedwe zina.

Malire a kukonza

Pa ntchito ya utolankhani, kuwongola kuwala ndi mtundu komanso kudula m'mbali n'zololedwa. Kuwonjezera, kuchotsa kapena kusuntha chinthu m'chithunzi n'koletsedwa. M'chaka cha 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times inachotsa ntchito wojambula wake Brian Walski ataphatikiza zithunzi ziwiri za nkhondo ya ku Iraq kukhala chimodzi. M'chaka cha 2006 bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linasiya kugwira ntchito ndi wojambula Adnan Hajj, yemwe anawonjezera utsi pa chithunzi cha mzinda wa Beirut, ndipo linachotsa zithunzi zake zonse m'nkhokwe yake, ngakhale zimene zinalibe mlandu.

Nkhani ya zithunzi za nyama nayonso ili ndi chitsanzo. M'chaka cha 2018 nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe ya Natural History Museum ku London inalanda mphoto ya chithunzi cha nyama yodya chiswe cha ku Brazil, chimene chinapambana pa mpikisano wake wa 2017, akatswiri atagamula kuti nyamayo inali yakufa kale, yoikidwa dala pa chulu. Mwa zimene anayang'ana panali mafayilo a RAW amene anajambulidwa chithunzicho chisanatengedwe ndi chitatengedwa, ndipo m'menemo nyamayo munalibe.

Phunziro lake likukhudzanso mlimi wa ku Chifunda. Munthu amene angawonjezere njovu pa chithunzi cha munda wake kuti dandaulo limveke msanga, akagwidwa amachititsa kuti zithunzi zoona za anzake zikayikiridwenso. Masiku ano mapulogalamu a AI amatha kupanga chithunzi cha chinthu chimene sichinachitike, ndipo m'chaka cha 2021 makampani monga Adobe, Microsoft ndi BBC anakhazikitsa mgwirizano wa C2PA pofuna kupeza njira yolembera mbiri ya chithunzi m'kati mwa fayilo. Kwa wojambula wamba, chitetezo chapafupi ndicho kusunga fayilo yoyambirira yosakhudzidwa.

Chitetezo cha nyama ndi ulemu wa anthu

Zolembedwa za GPS, zimene zimathandiza pa umboni, zingakhalenso zoopsa. Chithunzi cha chipembere kapena njovu ya minyanga ikuluikulu chikafalitsidwa pamodzi ndi malo ake, chimalozera njira opha nyama mopanda chilolezo. Kope lopita kwa anthu onse lichotsedwe zolembedwa za malo, ndipo darktable ndi Lightroom zili ndi posankha zimenezi potulutsa chithunzi. Ngakhale phiri kapena gombe lodziwika looneka kumbuyo lingaulule malo.

Pa anthu, mwambo ndi lamulo zimagwirizana. Munthu apemphedwe asanajambulidwe, ndipo pa ana chilolezo chichokere kwa makolo. Pa maliro, pa chinamwali ndi pabwalo la mfumu, wojambula ayambe wamva kwa akuluakulu. Dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu la Data Protection Act m'chaka cha 2021, pamene lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza umwini wa ntchito zaluso, kuphatikizapo zithunzi. Wojambula alembe dzina lake m'kati mwa fayilo, ndipo wogwiritsa ntchito chithunzi cha mnzake apemphe ndi kutchula mwini wake.

Kaphunziridwe kake

Wophunzira amapindula akasankha pulogalamu imodzi n'kukhala nayo kwa miyezi ingapo, m'malo modumphadumpha. Zida zisanu ndizo zokwanira poyambira: kudula, kuwongola, white balance, kuwala, ndi kutulutsa kope. Njira yabwino yoyesera ndi kutenga chithunzi chimodzi, kusuntha chida chimodzi kufika kumapeto onse awiri, n'kuona chimene chasintha. Cholakwa chofala kwa oyamba kumene ndi kupitiriza muyeso, monga kukoleza mitundu mpaka udzu kuoneka ngati penti, kapena kuyeretsa khungu la munthu mpaka abale ake osamuzindikira. Kuyerekeza kawirikawiri ndi chithunzi choyambirira kumabweza munthu panjira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumene kompyuta ndi imodzi pa anthu ambiri, monga pa sukulu kapena pa gulu la alimi, ndi bwino kugwirizana njira imodzi yoperekera maina, kuilemba papepala n'kuimata pafupi ndi kompyutayo, komanso kusankha munthu mmodzi wokopera zithunzi zonse pa hard drive yachiwiri kumapeto kwa mwezi uliwonse. Mphunzitsi akasamutsidwa kapena mlembi wa gulu akasintha, wolowa m'malo mwake amapeza zithunzi za kusefukira kwa Luangwa, za zokolola ndi za misonkhano ya mudzi zili m'malo mwake, chaka ndi chaka, ndipo angathe kuzionetsa kwa aliyense wofuna umboni.